Mbatata m'Kakontena ka Tiyanjane

Nkhaniyi inafika ku Mkanda ndi mayi wina wogula mtedza, wa pakamwa posatseka, amene ankayendayenda pakati pa boma la Mchinji ndi midzi. Akuyeza mtedza pakhomo pa a Millicent, anangoti, "Koma mwana wa malemu Filomena uja watha, inu. Ndinamuona kutchalitchi Lamulungu lapitali, diresi ikungolendewera." Anatulutsa ndi foni yomwe n'kuonetsa chithunzi cha kwaya ya achinyamata. A Millicent anachiyang'anitsitsa, anamanga bwino chitenje, n'kumukoka mayiyo ndi foni yakeyo mpaka kwa mlongo wawo, a Timoteyo.

M'banjamo anabadwa atatu: a Millicent, a Timoteyo, ndi Filomena chitsiriziro. Pokhala mwamuna yekhayo, a Timoteyo ndiwo anali mwinimbumba, ndipo pa mwambo wa kumeneko ana a alongo awo onse anali pamutu pawo. Bambo wobereka akhoza kulera, akhoza kuphunzitsa, koma zikavuta mwana ndi wa kuchikazi, ndipo wokamutenga ndi atsibweni ake.

"Timoteyo, taona," anatero a Millicent, akuwalozera chithunzicho. "Namwino wa ku Rumphi uja, mkazi watsopano wa bambo ake, akumumana mwana chakudya. Ine ndinanena tsiku laukwati lomwe lija. Mawa upite ukamutenge. Sekondale ili konkuno, ndipo m'nkhokwe mwanga muli chimanga."

A Timoteyo anafufuza pamzere woyamba, anafufuza wachiwiri, osamupeza. Anachita kuwalozera. Atamuzindikira, anabweza foniyo msanga.

Panali chinthu chimene a Timoteyo sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wawo. Mwanayo, Tiyanjane, anali Filomena weniweni: masaya omwewo, mikono yomweyo yonenepa, ngakhale kapumidwe kaja kotulutsa mpweya ndi pakamwa akamakhala pansi. Chimwalirire Filomena, mtima ukawawawa ankapalasa njinga ulendo wa ku boma, akunamizira mbewu kapena tcheni cha njinga, pamene kwenikweni ankangofuna kukakhala pakhonde n'kumuona mwanayo akuseka masaya akugwedezeka. Akatero ankabwerera atapepukidwa. Chaka chino fodya ndi mtedza zinawamanga miyendo, miyezi inapita osapondako. Ndiye lero awaonetse kamtsikana ka khosi lalitali, eti ndi Tiyanjane?

Ananyamuka kusanache bwino, mphepo ya mwezi wa Juni ikuluma zala. A Timoteyo anali munthu wosalankhulalankhula, koma akaganiza chinthu, olo mubwere ndi ng'ombe simungawakoke. Anali atakonza kale nzeru: kunyumba kwa bambo a mwanayo sakafikirako. Namwino uja akawaona akapha nkhuku, akathira mafuta ambiri, zonse n'kuoneka bwinobwino. Iwo akafikira kusukulu, akamupezerere mwanayo ndi chimene amadya tsiku wamba.

Msewu wa ku boma unkadutsa pafupi ndi pulayimale yawo yakale, ndipo sankadutsapo osatembenuka. Makalasi anasintha, anafolera malata atsopano, koma mtengo wa mango wa kuseri uja unalipobe. Ali ana, iwo ndi Filomena ankabwera apa ndi mbatata yotsala dzulo, yozizira, ndi mtedza wokazinga m'thumba la yunifolomu, umene unkasiya banga la mafuta losachoka ndi sopo. Belu la buleki likalira, ana a mwini golosale ankatulutsa masikono, ana a ahedi buledi wopaka majarini, ndipo awiriwa ankazembera kuseri kukadya mbatata yawo atafulatira anthu. Filomena ankasenda ndi chikhadabo, n'kupatsa achimwene ake mbali ya pakati, iye n'kudya nsonga za mitsitsi. Inali yokoma mbatata ija, tisaname, koma manyazi ankaitsekereza pakhosi. Tsiku lina anzake atamuseka kuti akununkha kumunda, Filomena analira njira yonse, n'kunena mamina ali chuchuchu kuti, "Achimwene, ine mwana wanga sadzanyamula mbatata kusukulu. Ndalumbira."

Ndipo mwana uja sankalumbira zamasewera. Atakula anakwatiwa ndi Patrick, mphunzitsi wa ku Ntcheu amene boma linamutumiza ku Mkanda kenako n'kumusamutsira ku boma. Kumeneko Filomena anagula chiwaya n'kuyamba geni ya mandasi ndi zitumbuwa. Ananenepa bwino mwana wa amayi. Akabwera kumudzi amayi anzake ankamutsina mikono n'kumati, "Ukwati wakuyanja, mwali!" ndipo a Timoteyo ankayenda chifuwa patsogolo ngati anamunenepetsa ndi iwo. Tiyanjane atayamba sukulu, Filomena anawatsegulira kachikwama kake kuti aone: mandasi, chipisi, kabotolo ka chakumwa chotsekemera. "Mwaona, achimwene? Mbatata ili pati apa?" Anaseka awiriwo mpaka misozi.

Kenako m'mawa wina foni inalira ali kudimba. Filomena anali atagwa m'khitchini, ndipo sanalankhulenso. Achipatala anati BP, anatchulanso shuga. A Timoteyo anamva mawuwo koma sanawasunge. Kwa iwo munthu amapita Mulungu akamuitana, basi.

Anafika pasukulu ya Tiyanjane dzuwa litakwera, fumbi lili mpaka m'nsidze. Kunja kwa mpanda kunali chiwaya cha chipisi, ndi amayi atatandika mabeseni a mandasi ndi zokhwasulakhwasula za m'mapepala. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kutuma mwana wina wa yunifolomu kuti akaitane Tiyanjane wa Fomu 3.

"Atsibweni!"

Anatulukira akuthamanga. A Timoteyo anali asanamuonepo mwanayu akuthamanga chibadwire, koma m'malo mosangalala anangoti mumtima, taonani, wapepuka ngati gaga. Kunena zoona, mwanayo sanathe monga ananenera mayi wa mtedza uja. Thupi linalipo, nkhope inali yosalala, maso owala. Kungoti khosi linali litatuluka, siketi anaibweza m'mbali, ndipo masaya aja anali atapita. Koma munthu amene wabwera kudzafuna masaya saona zinazo.

Tiyanjane anapinda mawondo n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Anafunsa za azakhali, za mbuzi, za mtedza ngati wachita bwino.

"Ukudwala?" anamudula a Timoteyo.

"Ayi, atsibweni."

"Ukudya?"

"Kwambiri."

"Tione chimene wanyamula."

Mwanayo anatulutsa kakontena ka pulasitiki, n'kukatsegula mosangalala ngati akuonetsa mayeso amene wakhoza. Munali mbatata ziwiri zophika ndi makoko omwe, dzira lowiritsa, nkhaka yodula, ndi nachesi. Pambali panali kapepala komanga mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi. M'botolo munali madzi, madzi enieni a pampopi.

"Mtedzawu ndi wa poweruka," anatero Tiyanjane. "Nthawi imeneyo ndi imene pakamwa pamafuna mandasi."

A Timoteyo sanamve n'komwe. Maso awo anali pa mbatata. Mwana wa Filomena, mwana wa mphunzitsi, m'nyumba ya malipiro awiri, atanyamula mbatata yozizira pakati pa anzake odya chipisi! Anamva ngati munthu walavulira pamanda a mlongo wawo. Anatembenuka, anapita pachiwaya, anagula chipisi chodzaza jumbo n'kuuza mnyamatayo kuti athire mafuta pamwamba, anagulanso chakumwa cha m'botolo, n'kubwera nazo.

"Idya."

Mwana woleredwa bwino sakana chakudya cha atsibweni ake pagulu. Tiyanjane analandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Anatola chipisi chimodzi, anatola chachiwiri, kenako anakodola mnzake wina dzina lake Consolata n'kumuuza chapansipansi kuti amuthandize. Consolata sanadikire kumuuza kawiri. Botolo lija Tiyanjane analigwira m'manja osatsegula.

"Amakuopseza eti? Ukadya akakumenya?"

"Ayi, atsibweni, si choncho. Amayi Wezzie..."

"Ukaweruka ukalongedze zovala zako. Tikupita ku Mkanda lero."

Belu linalira. Mwanayo anatseka kakontena kake pang'onopang'ono n'kubwerera m'kalasi akuyenda, osathamanganso.

Kunyumba anapeza Wezzie, mkazi watsopano wa Patrick uja, akuanika zovala. Anali mayi wamfupi, wa maso ofiira ndi tulo chifukwa anagwira ntchito ya usiku kuchipatala. Analandira njinga, anatulutsa mpando, anagwada n'kupereka moni wonse mwadongosolo lake. Posakhalitsa anabwera ndi tiyi, shuga ali m'kambale pambali, ndi mbale ya chinangwa chophika. A Timoteyo anaziyang'ana n'kunena kuti, "Zikhale kaye. Ndili ndi mawu ndi alamu." Mlendo akakana kudya pakhomo, mwininyumba amadziwa kuti kwaipa. Wezzie anavundikira tiyiyo n'kukaimba foni.

Patrick anabwera akuwefuka, choko chili m'manja. Anali munthu wabwino koma woopa phokoso, amene pamkangano uliwonse amagwirizana ndi wolankhula pomaliza. Tiyanjane naye anafika, anadutsa chowerama n'kulowa m'chipinda. Kabati inamveka ikutseguka.

"Alamu," anayamba a Timoteyo, "mlongo wanga anakusiyirani mwana wooneka ndi maso, woti aliyense akamuona ankati pakhomo apa pali chakudya. Titaika maliro tinakhala pansi, ife tinati mwana atsale kuno chifukwa cha sukulu. Simunatilande, tinakubwerekani. Lero ndamupeza atanyamula mbatata yozizira ngati mwana waganyu. Mayi ake analumbira pamaso panga kuti zimenezi sizidzachitika. Ndiye ine sindinabwere kudzakangana. Ndabwera kudzatenga mwana wathu."

"Alamu, tiyeni tikambirane," anatero Patrick akusisita mawondo. "Nkhaniyi ndi yachipatala, mwina amayi afotokoze."

Wezzie anali atakhala pamkeka chapatali. Analankhula mwapang'onopang'ono, Chichewa chake chikumvekabe kuti ndi cha munthu wa kumpoto.

"Bambo, ine ndinadziwa kuti tsiku lina mudzabwera. Chaka chatha mwanayu mutu unkangomupweteka, akafika kusukulu malaya ali chonyowa, kupuma ngati wasenza thumba. Ndinapita naye kuchipatala. BP inali yokwera, ya munthu wamkulu, ndipo matenda a shuga anali pakhomo. Adokotala anati thupi lichepeko. Mukudziwa ndinanena chiyani pobwerera? Ndinati, Tiya, ine sindinakubereke, ndinakupeza. Ukachepa pang'ono pokha, Mkanda yense adzati ndikukumana chakudya. Ndinachita mantha, bambo. Kwa mayi womupeza mwana, chapafupi n'kumugulira chipisi tsiku ndi tsiku, anthu n'kumakutama kuti ukulera bwino. Ndinangokhala chete."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupitiriza.

"Ndiye mwanayu anayamba yekha, mobisa. Osadya m'mawa, osadya masana. Tsiku lina anagwa pa asembule. Pamenepo ndinati ayi, anene zonena anthuwo. Ngati n'kuchepa, tichepe bwinobwino, tikudya, osati ndi njala. Palibe kudumpha chakudya m'nyumba muno. Timanyamula zokhalitsa m'mimba. Lero mbatata ndi dzira. Mawa mwina chimanga chophika pamodzi ndi khobwe, mkuja dzungu ndi usipa, kapena theka la peyala. Chipatso sichilephera. Inenso kuntchito ndimanyamula zomwezo, kakontena kanga ndi ako kali pathandalapo. Abambo akewa okha ndi amene amakadya chipisi kuseri kwa sitafu rumu, akuyesa sitidziwa."

Patrick anatsokomola n'kuyang'ana kudenga.

Mawuwo anali omveka, koma a Timoteyo sanapalase mtunda wonse uja kuti adzagonje kwa namwino. "Zachipatala zanuzo nzanu," anatero. "Ife kwathu munthu wonenepa ndi munthu wosungidwa bwino. Mayi ake anali choncho, ndipo palibe anadandaula. Mwana ndi wathu."

Patrick anaweramitsa mutu. Ankadziwa kuti akalimbalimba, tsiku la maliro kapena la ukwati wa mwanayu adzawafuna anthu omwewa. Wezzie anayang'ana mwamuna wake, anadikira, ndipo ataona kuti palibe chituluke, anangopinda manja.

Chitseko chinatseguka. Tiyanjane anatuluka ndi chikwama chachikulu, anachiika pafupi ndi njinga, n'kugwada patsogolo pa atsibweni ake.

"Ndalongedza, atsibweni. Mukati tiyeni, ndipita. Koma mundilole ndinene kaye."

A Timoteyo anagwedeza mutu.

"Inu amayi munawapeza atawasambitsa kale, atawaveka diresi yawo ya kwaya. Ine ndinawapeza pansi m'khitchini umo, chiwaya chili pamoto, mandasi akupserera. Ndinayesa kuwatembenuza, ndinalephera. Ndinali ndekha, adadi anali atapita kale. Miyezi yomaliza ija ankakhala pansi m'mbali mwa msewu tikamachokera kumsika. Miyendo inkatupa, nsapato osalowa. Mapiritsi ankamwa, koma mukamabwera inu ankawabisa pansi pa pilo. Ankati, achimwene asadziwe, amanyadira kuti ndikukhala bwino."

Nkhuku ina inayandikira mbale ya chinangwa, palibe anaiingitsa.

"Za kulumbira zija anandiuza. Ankaseka akamanena. Koma mbatata mukatibweretsera, ankaphika, n'kusunga ina mu m'phika mpaka izizire, n'kumadya okha atakhala pakhomo la khitchini, akusenda ndi chikhadabo. Ankati palibe chokoma ngati imeneyo, kungoti inawachititsa manyazi ali mwana. Ine sindichita nayo manyazi, atsibweni. Anzanga amandipempha."

A Timoteyo anatembenukira kukhitchini. Ankamuona Filomena pakhomo la khitchini lomwelo, limene linali apo potero, chitseko chake chomwecho cha buluu.

"Ndikudziwa kuti mukandiona mumaona amayi," anapitiriza mwanayo, misozi tsopano ikutsika. "Inenso ndinkawaona pagalasi, ndipo ndinkasangalala. Koma tsiku lija makina atandifinya mkono, namwino anandiyang'ana mmene ankawayang'anira amayi. Ndimafuna kufanana nawo, atsibweni, koma osati mpaka kumanda. Ndikufuna ndidzakalambe ngati azakhali a Millicent, ndizidzavutitsa anthu."

Patrick anaseka mwangozi, n'kudzigwira pakamwa.

A Timoteyo zinawapweteka, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri si mawu a mwanayo ayi, koma mapiritsi a pansi pa pilo aja. Nthawi zonse zija ankafika pakhonde lomweli n'kumati, "Koma ndiye ukunona, mlongo wanga," Filomena n'kumaseka, miyendo yotupa ataibisa m'chitenje. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli yankho, n'kuchivalanso.

"Mayi," anatero potsiriza, osayang'ana Wezzie kumaso, "tiyi uja wazizira?"

Wezzie anadzuka msanga. Anatenthetsa tiyi, anabweretsa madzi osamba m'manja, ndipo a Timoteyo anadya chinangwa chonse mpaka mbale kuyera, pakuti njala inali itawagwira kuyambira m'njira. Atamaliza analoza chikwama chija ndi mlomo.

"Kabwezere m'kabati. Zikwinyika."

Tiyanjane anachinyamula n'kulowa nacho chothamanga, mwina poopa kuti angasinthe maganizo.

"Nanga alamu a Millicent mukawauza chiyani?" anafunsa Patrick, amene tsopano mawu anali atabwerera.

"Ndikawauza kuti ndamupeza akudya. Akakana, abwere okha, njinga ilipo." Kenako anatembenukira kwa Wezzie. "Khobwe mumagula?"

"Timagula kumsika."

"Mulekeretu. Ndi mtedza womwe. Zoti mwana wa ku Mkanda azidya mtedza wogula, zimenezo ndiye ndakana."

Anawakakamiza kuti agone, koma anakana. Anati mbuzi, anati mawa kuli kusankha fodya, koma zoona zake ankafuna kukhala okha. Patrick ndi Wezzie anawaperekeza mpaka pampanda. Tiyanjane ndiye anagwira njinga, monga amachitira mwana poperekeza mlendo, n'kumaikankha pambali pawo. Atapitirira nyumba za aphunzitsi, mwanayo anaima, anakokera siketi pakati pa mawondo, n'kukwera pachishalo.

"Kwerani, atsibweni."

"Iwe, usandisewere. Pali chitunda kutsogoloku."

"Ndikuchidziwa. Kwerani."

"Anthu aziti chiyani, bambo wamkulu kunyamulidwa ndi mwana wamkazi?"

"Aziti muli ndi kabaza waulere."

Anayang'ana uku ndi uku, anang'ung'udza, n'kukhala pakaliyala, manja atagwira pansi pa chishalo. Njinga inagwedezeka kaye, kenako inawongoka. Anyamata a kabaza pa siteji anaimba likhweru, mmodzi anakuwa kuti, "Sisi, mutilanda ntchito!" Tiyanjane anangoliza belu. Atafika pachitunda anaimirira pamapedulo, thupi likupita uku ndi uku, njinga ikukwera pang'onopang'ono koma osaima.

Ali kumbuyoko, a Timoteyo anali ndi mpata womuyang'ana mwanayo popanda wowaona. Anayang'ana mapewa, anayang'ana kumbuyo kwa khosi kumene thukuta linayamba kutsika, anayang'ana zigongono. Ankafufuza mlongo wawo paliponse, ndipo sanamupeze. Amene ankapalasa njingayo anali mtsikana wina, wamphamvu, wa msana wakewake, amene iwo anali asanamudziwe bwino chifukwa zaka zonsezi ankamuyang'ana n'kumaona munthu wina. Misozi inabwera yokha. Anaisiya itsike, pakuti manja onse anali otanganidwa.

Pamphambano ya msewu wa ku Mkanda Tiyanjane anatsika. Ankapuma mofulumira, koma ankaseka.

"Mwaona? Chaka chatha pamenepa ndikanafa."

"Usamatchule zimenezo," anatero a Timoteyo, akunamizira fumbi m'maso.

"Mukapereke moni kwa azakhali. Muwauze ndibwera pa holide, ndidzawaphikira."

"Udzawaphikire zambiri. Akaona nkhaka adzakuthamangitsa."

Mwanayo anawagwira dzanja ndi manja awiri, anapinda mawondo, n'kutembenuka. Anayamba ndi kuyenda, kenako anayamba kuthamanga pang'onopang'ono kutsetsereka chitunda chija, osacheuka. A Timoteyo anaima atagwira njinga mpaka yunifolomuyo inasakanikirana ndi anthu a pamsika. Anadziwa kuti ulendo wina akadzabwera adzapeza Tiyanjane, wamoyo ndi waphokoso, koma Filomena sadzamupezanso pakhonde lija kapena pena paliponse. Kumanda kuja analira ngati wina aliyense, koma kutsanzikana naye kwenikweni anatsanzikana naye pamphambano pamenepo, dzuwa likupendeka, malole a ku Zambia akudutsa.

Anakwera njinga n'kulowa mumsewu wafumbi. Chishalo chinali chikadali chofunda.